Amithunzi ndi Zilembo Zosavala

Tayerekezani kuti ndi m'mawa wamba mumsewu wathu. Dzuwa langotuluka kumene kuseri kwa siteshoni ya mabasi. Mayi a golosale akusesa pakhonde, telala akupukuta fumbi pa makina ake, ndipo ana anga akutsetsereka ndi zikwama zawo kulowera kusukulu, kumapeto kwa msewu. Pakati pawo pakubwera nkhalamba yayifupi yovala ovolosi yamathothomathotho, makwerero paphewa, chitini cha penti m'manja. Ikuyenda bwinobwino mpaka pafupi ndi sitolo ina. Pamenepo ikuima, kuyang'ana m'mwamba, kutsonya, kutsika pakhonde, kuoloka msewu, kuyenda pang'ono, n'kuolokanso kubwerera mbali yomwe ija. Palibe galu amene ikumuthawa, palibenso dzenje. Nkhalambayo ndi Amithunzi, ndipo chimene akuchilambalala ndi chikwangwani. Moyo wawo wonse sanadutsepo pansi pa zilembo zimene iwo ankati n'zosavala.

Ntchito yawo inali yolemba zikwangwani ndi bulashi. Anaiphunzira ali mnyamata kwa bwana wina amene ankalemba mayina pa mabasi ndi pa nyumba ya kanema, nthawi imene wailesi inali yaikulu ngati kabati. Zilembo za nthawi imeneyo zinawalowa m'magazi, ndipo sanavomere kuti dziko linadzatulukanso ndi zina. Anali nazo za mitundu ingapo, ndipo mtundu uliwonse anaupatsa dzina ngati mwana. Panali Zonenepa, zamimba zozungulira ngati zangokhuta kumene. Panali Zansapato, zazitali ndi zowonda, chilichonse chitaima pa timapazi tosongoka. Panali Zothamanga, zopendekera kutsogolo, timizere tikuuluka kumbuyo kwake ngati zikuthawa mvula. Ndiye panali Zamchira, zogwirana manja, chilembo chomaliza chikutulutsa mchira wautali wobwerera pansi pa dzina lonse n'kukathera pa kanyenyezi.

Kasitomala sankasankha. Ankangonena mawu, zotsalazo Amithunzi ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kudziwa okha. Mayi a golosale atapeza dzina la sitolo yawo litalembedwa ndi Zonenepa, anagwira m'chiuno.

"Bambo inu, mukufuna kunena chiyani pamenepa?"

"Pati, mayi?"

"Zilembo zamimbamimbazi. Mwajambula ine?"

"Mayi, tandiuzani. Munthu angagule shuga pa sitolo imene zilembo zake zikuoneka kuti zagona ndi njala?"

Wometa tsitsi naye anabwera ndi dandaulo lake. "Madala, ine bwanji mwandipatsa zothamangazi, ndi timizere tonseti?"

"Ndalemba zimene ndimaona m'mitu ya anthu ochokera kwanu."

Koma lamulo lalikulu, limene linawapatsa dzinali, linali la mthunzi. Chilembo chilichonse chinkayenera kukhala ndi mthunzi wake, mzere wochindikala wa penti wakuda kumbali kwake. Chopanda mthunzi, iwo ankati, chili ngati munthu wotuluka m'bafa ataiwala thaulo. Ndipo mthunziwo sunkagwera paliponse ayi. Ankalemba m'mawa mokha, ndipo asanaviike bulashi ankayamba ayang'ana pansi, kuona kumene mthunzi wa iwo eni wagwera. Wa chilembo unkatsata komweko. Msewu wathu umachokera kum'mawa kupita kumadzulo, choncho mithunzi yonse, ya masitolo a mbali iyi ndi a mbali iyo, inkaloza kumodzi, kusukulu. Dzuwa likafika pamutu ankatsuka bulashi m'palafini, ngakhale dzina litatsala chilembo chimodzi. Wabutchala anagulitsapo nyama tsiku lathunthu pansi pa dzina lopanda mchira.

Ine ndinayambana nawo chifukwa cha ana. Ndimaphunzitsa oyamba kumene, ndipo ndimakonda dongosolo: chilembo chikhale pamzere, chaching'ono chisakwere pa chachikulu. Koma ana anga ankafika kusukulu ataphunzira kale pamakoma. Ukawauza kuti alembe tsiku, belu limalira ena akadali pa chilembo choyamba, lilime lili panja, akuchipaka mthunzi. Kamtsikana kena kanalemba dzina lake n'kutulutsa mchira umene unadutsa tsamba lonse, kutsikira pa desiki, mpaka kukathera pa mkono wa mnzake. Kanali kamwana komaliza ka Amithunzi, kamene tonse tinkangokatcha Mzime.

Ndinapita kukadandaula, ndipo ndinawapeza ali pamwamba pa makwerero.

"Bambo, ana anga mukuwasokoneza."

"Akulephera kuwerenga?"

"Kuwerenga ndiye akuwerenga, koma akuchedwa. Chilembo chimodzi mpaka belu."

"Akuthamangira kuti, aphunzitsi? Ali ndi basi yoti akwere?"

Ndinawafotokozera za mchira wa Mzime. Anatsika pang'ono, natsitsa mawu. "Nanga kanyenyezi anaika?"

Tinapangana kuti Lachisanu masana ana azilemba ndi mithunzi, masiku enawo azilemba zanga. Iwo anati zangazo ndi zilembo za m'chipatala, zongodzuka kumene pa bedi, koma anavomera.

Mzime anakula, nakwatiwa ndi mnyamata waulemu, wolimbikira ntchito, wosamwa, wosasuta. Vuto lake linali limodzi: anali ndi makina. Anatsegula sitolo pakati penipeni pa msewu wathu, naikamo kompyuta ndi chimakina chosindikiza zikwangwani pa nsalu za pulasitiki. Munthu ankalowa ndi mawu ake n'kutuluka chikwangwani chili m'khwapa tiyi asanazizire. Pamwamba pa chitseko mkamwiniyo anapachika chake: zilembo zakuda, zowongoka, zofanana ngati njerwa, zopanda mchira, zopanda nsapato, zopanda mthunzi. Banjalo linkakhala m'zipinda za kuseri kwa sitoloyo, ndipo khomo lolowera linali limodzi lomwelo.

Tsiku lotsegulira, Amithunzi anaima pakati pa msewu, manja kumbuyo.

"Takulandirani, bambo. Lowani," anatero mkamwini.

"Akamwini, ana anuwa atuluka osavala."

"Ana ati, bambo?"

"Ali pamutu panuwa."

"Ndi zamakono, bambo. Anthu masiku ano amafuna zowerengeka msanga."

"Chenjezo la pa botolo la mankhwala a makoswe nalonso limawerengeka msanga. Ine pansi pa zimenezi sindidutsa. Ngakhale ndili m'bokosi, mudzandizungulitse."

Tinaseka, poyesa kuti ndi za tsiku limodzi. Mdzukulu atabadwa tinati basi, tsopano agonja. M'mawa mwake anthu anaona makwerero atatsamira mpanda wa kuseri kwa sitolo. Amithunzi anakwera, nakhala pamwamba pa mpanda, nakoka makwerero aja, nawatsitsira mkati, natsika ndi kachipewa ka mwana m'thumba. Imeneyo inakhala njira yawo yochezera mwana wawo. Lamlungu lililonse ankakwera mpandawo atavala jekete ndi tayi. Tsiku lina mlendo wina atawaona anakuwa kuti wakuba. Iwo ali pamwamba pomwepo anamufunsa mofatsa, "Achimwene, kwanu akuba amavala tayi?"

Makina a mkamwini sankasowa ntchito, chifukwa anthu ankabwera kuchokera mbali zina za tauni. Koma mumsewu wathu anthu ankaopa pakamwa pa Amithunzi kuposa mvula. Telala yekha ndi amene anayesapo. Anaphimba Zansapato zake ndi chinsalu cha pulasitiki chowala kwambiri. Amithunzi sanakalipe. M'mawa uliwonse ankaima kutsidya kwa msewu, kuvula chipewa, n'kunena ndi mawu a pamaliro, "Pepani ndi zovutazi, atelala. Limbani mtima." Makasitomala anayamba kufunsa kuti watisiya ndani. Posakhalitsa chinsalucho chinatsika, ndipo telala anachiyalira nkhuku zake pansi.

Kenako zaka zinayamba kuwapeza. Akazi awo anamwalira, iwo n'kutsala okha m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya kanema ija, imene tsopano ndi mosungira mipando. Bondo linayamba kukana. Lamlungu lina anakwera mpanda bwinobwino, koma kutsika kunavuta, ndipo anakhala pamwambapo mpaka wabutchala anabwera kudzawatsitsa ngati thumba. Adokotala analetsa makwerero, ndipo Mzime anamangirira makwererowo ndi tcheni pabwalo pake. Denga la kachipinda kawo linali lodontha, mvula inali pafupi, ndipo chifuwa chawo sichinali bwino. Mzime anawakonzera chipinda chouma kwake, bedi ndi zofunda zonse. Chimene chinatsala ndi chakuti alowe pakhomo, basi.

Msewu wonse unalowererapo. Mwini nyumba imene banjalo linkachita lendi anakana zoboola mpanda. Wometa anati awamange nsalu kumaso.

"Sindinanene kuti sindiziona," anatero Amithunzi. "Ndinati sindidutsa."

Mayi a golosale anabwera ndi ambulera kuti awaphimbe podutsapo.

"Mayi, ambulera ndi ya mvula, si ya manyazi."

Ine ndinapita kwa mkamwini. Anandipatsa mpando, napumira m'mwamba. "Aphunzitsi, inu mundimvetse. Ine bambo ndimawakonda. Koma munthu wogulitsa zosindikiza, pakhomo pake pakhale zolemba pamanja? Ndiye ngati wometa kupachika chithunzi cha munthu wa tsitsi lofika m'mapewa. Anthu adzati makinawa anafa." Kunena zoona, sankalakwa.

Koma mnyamatayo anali ndi mtima. Anafufuza m'kompyuta yake napeza kuti zilembo zakale zija zilimo zonse, ndipo achinyamata a m'tauni ayambanso kuzikonda. Anasindikiza chinsalu chatsopano cha Zamchira zofiira, kanyenyezi kachikasu, mthunzi wakuda bii. Anachipachika m'mawa, msewu wonse unasonkhana, ndipo Mzime anakawatenga bambo ake. Anabwera ndi ndodo, nayang'ana nthawi yaitali.

"Mchira uli bwino," anatero.

Anasendera pafupi pang'ono.

"Kanyenyezi nako si koipa."

Mayi a golosale anali atayamba kale kukonza pakhosi kuti alulutire.

Koma Amithunzi anakweza ndodo. "Akamwini, taimani apo. Mthunzi wanu uli kuti?"

Mkamwini anayang'ana pansi, naloza kusukulu.

"Nanga wa zilembo zanuzo?"

Tonse tinakweza maso. Unkaloza kusiteshoni, kumene kunali dzuwa. Ine ndikanadutsa pamenepo chaka chonse osaona kanthu.

"Kuvala zavala," anatero Amithunzi, "koma malaya zavala chakumbuyo."

"Bambo, limenelo ndi batani limodzi. Ndisintha pompano."

"N'chimene ndikukanacho. Mthunzi wobwera ndi batani, mawa udzachoka ndi batani lomwelo."

Kanali koyamba kumva mkamwini akukweza mawu. "Ndiye mukufuna chiyani, bambo?"

"Ine? Palibe. Kwanga ndili bwinobwino."

Mvula inayamba sabata yomweyo. Pochokera kusukulu ndinapatuka kukawaona. Ndinawapeza atakhala pa bedi, atafunda bulangete, zitini za penti zitazungulira chipinda chonse, chilichonse chikulandira dontho lake ndi kulira kwakekwake. Anatsokomola nthawi yaitali, kenako anakweza chala. "Tamverani, aphunzitsi. Ndili ndi bandi yanga."

Tonse tinaiwala kuti m'banjamo munali wouma mutu wachitatu, uja wa mchira wothera pa mkono wa mnzake. M'mawa wina Mzime anatuluka m'sitolo matiresi ali pamutu, mwana wake wamkazi akumutsata ndi chikwama cha kusukulu. Anaima pakhonde nalankhula mokweza kuti msewu wonse umve.

"Ngati iwo salowa, ine ndituluka. Inu tsalani ndi chinsalu chanucho, chizikuphikirani."

Anatsetsereka mpaka kukachipinda kuja, nakankha chitseko. "Sunthani zitini, ababa. Tizinyowa limodzi."

"Iwe, wapenga? Mwanayu adwala muno!"

"Oho. Ndiye mukudziwa kuti muno n'modwalitsa?"

Mdzukuluyo anali m'kalasi mwanga chaka chimenecho. Ankafika akuyetsemula, kope lake litafufuma ndi chinyezi. Agogo ake ankamuperekeza mpaka pachipata nkhope ili pansi, ndipo bambo ake ankamudikira pachipata chomwecho masana, shati yosasita. Amuna awiriwa ankapatsana moni waulemu kwambiri, osayang'anana.

Loweruka lina m'mawa, mitambo itatseguka, tinaona mkamwini akugubuduza migolo iwiri mpaka pakhonde. Pamwamba pake anagoneka thabwa lalitali lopakidwa kale penti woyera. Anakwera makwerero a apongozi ake, namasula chinsalu chija, nachipinda. Amithunzi anali ataima kutsidya, ngati mwa masiku onse.

"Bambo," anatero mkamwini, akuyang'ana thabwalo, "ili ndi lotsala, likungoonongeka."

Amithunzi anaoloka pang'onopang'ono, nalisisita ndi dzanja. "Thabwa labwino."

"Penti nayenso alipo wotsala."

"Wotsala wosatsegula," anatero Amithunzi, akugogoda chitini ndi ndodo. "Chabwino."

"Koma nambala ya foni ikhalepo."

"Ikhalapo. Koma ivala."

Anaitanitsa mabulashi awo, choko, ndi kandodo kawo kokhala ndi mpira wa nsanza kumapeto, kotsamirapo dzanja polemba. Anayang'ana pansi, naona mthunzi wawo. Anaviika bulashi, nayamba chilembo choyamba. Mzere unatuluka wokhotakhota ngati njira ya nyerere. Anapukuta, nayesanso. Chimodzimodzi. Dzanja limene linalemba msewu wonse linkanjenjemera, ndipo kandodo kaja sikankathandiza. Anaima, bulashi ili m'mwamba, penti akudontha pa nsapato. Wometa, amene pakamwa pake sipatsekeka, anayamba kuyang'ana kumitambo.

Mkamwini anasendera pafupi, nawagwira pachigongono.

"Musandilembere, akamwini."

"Ayi, bambo. Ndangogwira."

"Gwirani ngati mwagwira dzira, osati nkhuku."

Mzere wachitatu unatsika wowongoka.

Ntchitoyo inatenga m'mawa wambiri, chifukwa dzuwa likafika pamutu ankatsuka bulashi, ndipo kukacha kwa mitambo sankagwira n'komwe, popeza panalibe mthunzi woti autsate. Makasitomala ankadikira m'sitolo mwini wake ali panja, atagwira chigongono. Zilembo zonse zitatha, zofiira, mchira ndi kanyenyezi zili m'malo mwake, Mzime anawachonderera.

"Ababa, zatha. Tipachike, mulowe. Mithunziyo mudzamalizitsa muli m'nyumba."

"Zikadali m'bafa, mwanawe."

Anabwerera kukagona ndi bandi yawo, Mzime ndi mwana nawonso, mpaka nambala yomaliza ya foni itavala. Penti atauma, amuna anakweza thabwalo nalikhomera. Amithunzi anasowa pang'ono, nabwera atavala jekete ndi tayi, atagwira dzanja la mdzukulu wawo. Pakhonde anaima, nayang'ana m'mwamba, navula chipewa, nadutsa. Mayi a golosale analulutira mpaka kutsamwa. M'katimo, ndamva kuti anaima kutsogolo kwa chimakina chija, nachiyang'ana uku ndi uku.

"Ndi chimenechi? Ndimayesa n'chachikulu."

Anakhala m'nyumbamo mvula imeneyo yonse mpaka nthawi yokolola. Sanagonje. Ankakhala pa chitini pafupi ndi makinawo, kasitomala akasankha zilembo zowonda pa kompyuta iwo n'kufunsa ngati kwawo kuli matenda. Makinawo sanawakhudzepo ngakhale ndi chala. Koma mkamwini anazolowera kutembenukira kwa iwo asanadine batani, ndipo mithunzi ya zosindikiza zake inayamba kugwera kumene apongozi aloza ndi chibwano.

Anatisiya nyengo yozizira yotsatira, ali pa bedi louma. Tsiku lowaperekeza, onyamula bokosi atafika pakhomo la sitolo anaima okha, popanda wowauza. Onse anakumbukira mawu aja. Anayang'anana, kenako anakweza maso. Wometa ndi amene analankhula.

"Zavala. Tiyeni."

Masiku ano anthu mumsewu wathu amayenda mowongoka, ndipo palibe amene amaoloka popanda chifukwa. M'mawa mumamveka tsache ndi makina a telala, koma kutsonya kuja kulibe, ndipo msewu umaoneka ngati watalika. Makwerero akadali pa tcheni. Achinyamata a m'tauni amabwera kudzajambula zikwangwani zathu ndi mafoni, ndipo amamufunsa mkamwini kuti zilembo za pakhomo pake anazitenga m'kompyuta iti. Iye amangowaonetsa chigongono. Lachisanu masana ana anga amalembabe ndi mithunzi, ndipo mdzukulu uja, amene tsopano ali m'kalasi lina, amasuzumira pawindo kuona ngati akuigwetsera mbali yoyenera.

Kuyambira pasiteshoni mpaka pachipata cha sukulu, palibe sitolo imene dzina lake silinalembedwe ndi dzanja la Amithunzi, kuphatikizapo sitolo yosindikiza zikwangwani, ndipo mithunzi yake yonse imagwera kumadzulo.